Mlendo Wofuna Nyumba ya Lendi mu Lilongwe: Mafunso ndi Mayankho

Munthu wofika mu Lilongwe kudzagwira ntchito, kaya wachokera ku Nsanje kapena ku Chitipa, kaya wadutsa malire kuchokera ku Chipata kapena ku Tete, kaya ndi wa kutsidya kwa nyanja wotumidwa ndi boma la kwawo kapena ndi bungwe lothandiza anthu, asanazolowere n'komwe fumbi la mzindawu ayenera kuyamba wapeza potsamira mutu. Ndipo pofunafuna malowo amamva mawu ambiri amene eni mzinda amawatchula mopepuka ngati kuti aliyense adabadwa nawo, pamene m'kati mwa mawuwo mwabisala nkhani za madzi, za magetsi, za mtunda ndi za ndalama. Mafunso ali m'munsimu ndi amene alendo otere amafunsa kawirikawiri, ndipo tawayankha mosafulumira, pakuti akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kodi manambala a ma Area amatsatana, kotero kuti Area 25 ili pafupi ndi Area 23?

Iyayi, ndipo mlendo wokhulupirira chotero adzatha nsapato pachabe, pakuti Area 23 ili chakummwera kwa mzinda, kupitirira Kawale ndi Chilinde, pamene Area 25 ili kumpoto kwenikweni, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Chiyambi chake n'chakuti mzinda wa Lilongwe udali boma laling'ono la m'mbali mwa mtsinje, lokhala ndi anthu osakwana 20,000 pa kalembera wa mu 1966, kufikira boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidatsimikiza zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba. Pamenepo, mu 1968, padakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzinda watsopano potsata mapulani ojambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo mu 1975 mzindawu udakhala likulu. Mzindawu udadulidwa m'zigawo, chigawo chilichonse ndi nambala yake, koma manambalawo sadayende monga mwa kuyandikana kwa malo; n'chifukwa chake Area 3 ichita malire ndi Area 9, ndipo Area 43 ili pakhomo pa Area 10. Zigawo zina zidagawidwanso m'kati, monga Area 18 yokhala ndi A ndi B, ndi Area 47 yokhala ndi masekita ake, ndipo zina anthu sazitchula ndi nambala konse, koma ndi dzina, monga Falls, Biwi, Mchesi ndi Chinsapo. Mayina a misewu alipo, makamaka kumayadi, koma woyendetsa kabaza sawadziwa. Iye afuna mumuuze kuti nyumbayo ili kuseri kwa tchalitchi chakuti, kapena pokhota pa chigayo, geti lakuda lachiwiri kudzanja lamanja.

Nanga kumayadi n'kuti, ndipo kumasiyana bwanji ndi kulokeshoni?

Ojambula mzinda aja adagawa malo okhalamo anthu monga mwa kuthithikana kwa nyumba. Kudali malo a mapuloti aakulu, kumene nyumba imodzi imakhala pakati pa kapinga ndi mitengo, kutali ndi inzake, ndipo ndiko kumene anthu amati kumayadi: Area 3 ndi Area 9 chakufupi ndi Old Town, ndiponso Area 10, 11, 12 ndi 43 chakufupi ndi Capital Hill, kumene akazembe, nduna ndi akuluakulu a mabungwe amakhala. Kudali malo apakati, monga Area 15 ndi Area 18, kumene nyumba zofanana zidamangidwira antchito a boma; ndipo kudali malo kumene munthu ankangopatsidwa puloti kuti amange monga mwa mphamvu zake, monga ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25. Koma anthu adachuluka koposa mapulani, pakuti pa kalembera wa mu 2018 mzindawu udali ndi anthu oposa 989,000, ndipo unyinji wa anthu amenewa udakamanga kumene wojambula sadaikeko cholembera chake: ku Mtandire, ku Kauma, ku Mgona, ku Senti ndi ku Chinsapo.

Mlendo adziwe tsono kuti kumayadi sikukhala kokha. Mtandire ali kuseri kwa Area 47, Kauma ali m'mbali mwa nyumba zazikulu za ku Area 12 ndi 43, ndipo mbandakucha uliwonse mudzaona mzere wa anthu ukutsika kuchokera kumeneko, ophika, alonda ndi osamala maluwa, kupita kukatsegula mageti a nyumba zimene iwo sadzagonamo. Ife tiganiza kuti mapulani aja adatenga mzimu wa kulekanitsa anthu wochokera ku dziko la ojambulawo, ngakhale kuno adalekanitsa ndi thumba, osati ndi khungu. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene wofuna nyumba ayenera kusunga n'chakuti nambala yokha siuza zonse, chifukwa m'Area imodzi yomweyo, monga 47 kapena 49, muli misewu ya phula ndi misewu ina imene galimoto yaing'ono siingadutse mwezi wa February.

Kodi kukhala ku City Centre sindiko kukhala pakati pa zonse?

Dzinali lasocheretsa ambiri. Ku City Centre kuli mabanki, maofesi, Reserve Bank, Nyumba ya Malamulo, mahotela ndi maofesi a akazembe, ndipo Capital Hill ili pafupi pomwepo. Koma dzuwa likapendeka, antchito akaweruka, malowo amatsala a alonda okha, ndipo nyumba zogonamo n'zochepa. Moyo wa malonda uli ku Old Town, makilomita angapo kummwera, kumene mtsinje wa Lilongwe udula tauni pakati: kutsidya lina kuli msika waukulu, depoti ya mabasi, mzikiti, Malangalanga ndi masitolo a amwenye, tsidya linalo kuli mabanki, positi ofesi ndi masitolo akuluakulu. Pakati pa City Centre ndi Old Town pali nkhalango yosungidwa ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Chotero funso loyamba la wofuna nyumba lisakhale lakuti pakati pa mzinda ndi pati, koma lakuti ntchito yake ili kuti, sukulu ya ana ili kuti, ndi milatho kapena maraundabauti angati amene adzadutsa m'mawa uliwonse. Pakuti mtunda umene Lamulungu masana utenga mphindi khumi, Lolemba m'mawa ungathe kudya ola lathunthu.

Mawu olembedwa potsatsa nyumba, monga selefu, bedisita, boyizi kota ndi mdadada, amatanthauzanji?

Nyumba ya self-contained, imene anthu amangoti ya selefu, ndi nyumba yokhala ndi chimbudzi chamadzi, bafa ndi kophikira m'kati mwake, kotero kuti munthu satuluka panja usiku. Koma mawuwa salonjeza kuti madziwo amatuluka, amangoti mapaipi alipo. Akanena kuti chipinda chachikulu ndi cha selefu, ndiye kuti chipinda cha eni banja chili ndi bafa lakelake. Bedisita ndi chipinda chimodzi chimene chili chogona ndi pabalaza pomwe, choyenera mbeta kapena mnyamata woyamba kumene ntchito. Boyizi kota ndi kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu ya kumayadi, kamene atsamunda ankamangira antchito awo, ndipo dzinalo lidatsala ngakhale kuti ogonamo adali abambo a mabanja awo. Masiku ano eni nyumba ambiri amakakonza, kukaika matailosi ndi siling'i, n'kukachititsa lendi pakokha. Gesti wing'i ndi mbali ya nyumba yaikulu yokhala ndi khomo lakelake. Semi ndi nyumba ziwiri zogawana khoma limodzi, fulati ndi nyumba ya m'chinyumba chachikulu cha mabanja angapo, ndipo mdadada ndi zipinda zondandalikana pansi pa denga limodzi, banja lililonse khomo lake, koma mpopi, bafa ndi chimbudzi zili panja ndipo n'za onse.

Mawu amene afuna kufunsitsa ndi akuti nyumba ya mumpanda. Kwa wina atanthauza nyumba yoima payokha m'kati mwa khoma lake. Kwa wina atanthauza nyumba zisanu m'khoma limodzi, landilodi naye ali momwemo, ndipo geti limatsekedwa nthawi imene iye wafuna kugona. Funsani tsono mosachita manyazi kuti, "Pepani bambo, mumpandamu muli mabanja angati, nanga inuyo mumakhala momwemo?" Kukhala ndi landilodi pabwalo limodzi kuli ndi ubwino wake, pakuti paipi ikaphulika simuyenda mtunda kukanena, koma alendo anu adzawerengedwa, zovala zanu zoyanikidwa zidzaonedwa, ndipo mukagula wailesi yakanema yatsopano asanathe mwezi, lendi idzakumbukiridwa msanga. Otsatsa amawerenga zipinda zogona zokha. Akati nyumba ya zipinda zitatu, pabalaza, podyera ndi khitchini sizili m'chiwerengerocho. Akati nyumba ili ndi katundu kale, funsani katundu wake ndi uti, chifukwa kwa ena ndi mipando, mabedi, firiji ndi mbale zomwe, kwa ena ndi bedi limodzi ndi makatani.

Kodi ndi nthawi iti yabwino yoonera nyumba, ndipo ndiyang'ane chiyani?

Nyumba imaonetsa khalidwe lake lenileni kawiri pa chaka: m'dzinja, mvula ikamagwa, ndi mwezi wa October, madzi akamasowa. Amene sangathe kudikira nyengo zimenezi aphunzire kuwerenga zizindikiro zake. Akweze maso ku siling'i, pakuti penti yatsopano pamalo amodzi okha imabisa podontha. Ayang'ane m'munsi mwa makoma ngati penti yatupa kapena yayera ngati mchere, chimene chionetsa kuti nyumbayo idamangidwa padambo. Agogode mafelemu a zitseko ndi makabati kuti amve ngati chiswe sichidadye m'kati. Atsegule mpopi uliwonse, agejemule chimbudzi n'kudikira kuti aone ngati thanki lake lidzadzanso, ayatse giza, ndipo afunse kumene kuli dzenje la zonyansa ndi chaka chimene lidapopedwa, chifukwa nyumba zambiri za mumzindawu, ngakhale za kumayadi, sizilumikizidwa ku mapaipi a suweji. Aonenso kutalika kwa mtsinje, pakuti Lingadzi, amene m'chilimwe mwana amamuoloka, mu February 2017 adasefukira nalowa m'nyumba za anthu ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo.

Akatha zonsezi atuluke kunja kwa geti yekha, apereke moni kwa mayi wogulitsa tomato pakona, kapena kwa mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, nafunse modzichepetsa kuti, "Mayi, kunoko madzi amabwera nthawi yanji? Nanga amene ankakhala m'nyumba iyi adachokeranji?" Yankho la mayiyo n'lolemera koposa zithunzi zonse za pa WhatsApp, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kodi ejenti aliyense ndi wokhulupirika, ndipo malipiro ake amapereka ndani?

Pali magulu awiri. Alipo makampani olembetsedwa, okhala ndi ofesi ndi chikwangwani, monga Knight Frank, amene amayang'anira nyumba m'malo mwa eni ake, amalemba pangano ndi kupereka lisiti. Amenewa kawirikawiri amalandira gawo lawo kuchokera kwa mwini nyumba. Ndiye alipo anyamata a foni m'manja, amene ena amawatcha madobadoba, oyendayenda m'makwalala kufunsa alonda ndi antchito a m'nyumba kuti ndani akusamuka, n'kuika zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp. Sitinena kuti onsewa ndi akuba, pakuti ambiri a iwo amadziwa mzindawu koposa wina aliyense, ndipo nyumba zambiri zapakati zimapezeka kudzera mwa iwo. Koma mwambo wawo ndi wakuti wofuna nyumba alipire ndalama yoonera asanaone kanthu, alipirenso mayendedwe, ndipo akaikonda nyumbayo apereke komishoni, imene iyenera kukambidwa poyamba, musanakwere galimoto.

Chinyengo chodziwika chimayenda motere: mnyamata akufikitsani pa geti, aitana mlonda ndi mawu okoma, "Achimwene, tatsegulani tingoona pang'ono," muona nyumba yabwino pa mtengo wotsika, ndipo potuluka akuuzani kuti eni ake ali ku Joni, kuti pali anthu ena atatu akuifuna lero lomwe, ndi kuti mutumize ndalama pafoni kuti akusungireni makiyi. Mawa lake nambala ija siipezeka, ndipo mlonda anena zoona kuti sakumudziwa. Lamulo lake ndi limodzi: ejenti alandire za uejenti wake zokha, koma lendi ndi dipoziti ziperekedwe kwa mwini nyumba, maso ndi maso kapena ku akaunti ya ku banki ya dzina lake, mutaona chiphaso chake cha unzika ndi pepala losonyeza kuti nyumbayo ndi yake, kapena kalata yomupatsa mphamvu yoiyang'anira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wokufulumizitsani pa nkhani ya ndalama mumuyang'ane kawiri.

Adivansi ndi dipoziti si chinthu chimodzi kodi?

Ndi zinthu ziwiri, ndipo kusazilekanitsa kwadanitsa anthu ambiri pa tsiku losamuka. Adivansi ndi lendi yolipiriratu: mu Lilongwe eni nyumba ambiri amafuna miyezi itatu poyamba, kumayadi ena amafuna isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo ndalama imeneyi imatha pamene mukukhala m'nyumbamo. Dipoziti ndi chikole, kawirikawiri chofanana ndi lendi ya mwezi umodzi, chimene landilodi amasunga kuti adzakonzere zimene mwaononga kapena kulipirira mabilu amene mwasiya. Ngati simudaononge kanthu, chiyenera kubwerera kwa inu. Koma chimabwerera movuta ngati palibe umboni wa mmene nyumba idalili pa tsiku lolowa. N'chifukwa chake tsiku lolandira makiyi muyende ndi landilodi chipinda ndi chipinda, mulembe galasi losweka, loko wosagwira ndi tailosi long'aluka, mujambule zithunzi, mulembe manambala a pa mita, ndipo nonse awiri musaine. Ambiri amaganiza kuti angathe kungokhala mwezi womaliza osalipira, ati dipoziti ilowe m'malo. Zimenezi zitheka pokhapokha mwini nyumba atavomera, ndipo kuvomerako kulembedwe.

Kodi n'zoona kuti mlendo wochokera kunja ayenera kulipira lendi m'madola?

Si zoona. Ndalama ya dziko lino ndi kwacha, ndipo Reserve Bank yakhala ikuchenjeza kuti malonda a m'dziko muno asatchulidwe kapena kulipiridwa m'ndalama zakunja popanda chilolezo. Komabe kumayadi eni nyumba ena amatchula mtengo m'madola, kuti wolipira apereke makwacha monga mwa mtengo wa dola pa tsikulo, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Pa kutsika kwachiwiriku dola idachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700, kotero kuti munthu amene adavomera lendi ya madola 1,000 adagona ali ndi ngongole ya K1,180,000 pa mwezi nadzuka ali ndi ya K1,700,000, nyumba ili yomweyo, denga likudontha pomwe paja. Wolandira malipiro ake m'madola sadamve kanthu. Wolandira makwacha adasamuka. Chotero pangano linene mtengo m'makwacha, linenenso kuti lendi idzakwera liti, kamodzi pa chaka kapena motani, ndi malire a kukwerako.

Nanga za magetsi ndi madzi zimayenda bwanji?

Magetsi amagulitsa ndi ESCOM, ndipo nyumba zambiri tsopano zili ndi mita yolipiriratu: mugula mayunitsi pafoni, ku banki kapena m'sitolo, mulandira manambala 20, muwalowetsa pa mita, ndipo akatha magetsi amazima okha. Madzi amapereka ndi Lilongwe Water Board, kuchokera mu mtsinje wa Lilongwe ndi madamu awiri a Kamuzu a ku Malingunde. Nyumba zina zili ndi mita yolipiriratu, zina zimalandira bilu pakutha pa mwezi. Pa mita ya bilu, onetsetsani kuti wokhalamo wakale sadasiye ngongole, pakuti odula madzi amadula paipi ya nyumba, safunsa kuti adasamba ndani.

Mkangano waukulu uli pa mita yogawana. M'mpanda wa nyumba zingapo, kapena pa boyizi kota, mita imakhala imodzi, ndipo mabanja amasonkha. Pamenepo pamabuka milandu ya amene ali ndi mbaula yamagetsi, amene amasita zovala tsiku ndi tsiku, ndi amene alendo ake sachoka, ndipo anthu opemphera mpingo umodzi amaleka kupatsana moni chifukwa cha mayunitsi. Nyumba ya mita yakeyake, ngakhale ikwere mtengo pang'ono, imagula mtendere. Dziwaninso kuti magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, kotero kuti madzi akachepa, kapena chigumula chikaononga makina monga namondwe wa Ana adachitira ku Kapichira mu January 2022, kuzimazima kumafika ndi kumayadi komwe. Ndiye mukamva kuti nyumba ili ndi bakapu, funsani ngati ndi jenereta, sola kapena inveta ya mabatire, mafuta ake agula ndani, ndipo imayatsa mababu okha kapena ndi firiji yomwe. Mukamva kuti pali thanki, funsani malita ake, ndi ngati pampu yake imagwira magetsi akazima.

Pangano la pakamwa silikwana kodi, poti ife ndife anthu odziwana?

Kumudzi mawu onenedwa pamaso pa nkhoswe ndi mfumu amakhala, chifukwa mboni zake sizisamuka. Mumzinda mboni imasamutsidwira ku Mzuzu, landilodi amamwalira, ndipo ana ake, amene sadamve chimene bambo awo adalonjeza, amabwera ndi mtengo wawo. Pangano lilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, ndipo litchule mayina a onse awiri, nambala ya puloti, lendi ndi tsiku lolipira, dipoziti, utali wa notisi, ndi amene adzakonza chiyani. Mwambo wake ndi wakuti denga, makoma, mapaipi a pansi ndi mawaya n'za mwini nyumba, pamene mababu, magalasi osweka ndi ana anu ndi udzu wa pabwalo n'zanu. Msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo ya mzinda, umene amati masite reti, ndi lendi ya nthaka yopita kwa amene adapereka puloti, ndi katundu wa mwini nyumba, pokhapokha pangano litanena mwina. Mukafuna kukonza chinthu ndi ndalama zanu kuti mudzadule pa lendi, yambani mwalandira chilolezo cholembedwa, ndipo sungani malisiti. Ngati lendi ikulipiridwa ndi kampani kapena bungwe limene mukugwirako ntchito, lamulo liwalamula kudula msonkho wopita ku bungwe lotolera misonkho la MRA asanapereke ndalamayo; landilodi auzidwe zimenezi poyamba, kuti asadzaganize kuti mwamubera.

Kumayadi kuli nkhani inanso imene mapangano ambiri amaiwala, ndiyo ya anthu amene mlendo amawapeza pa nyumba: mlonda, wosamala maluwa, nthawi zina ndi banja lake m'kanyumba ka kuseri. Afunsiretu kuti bwana wawo ndani, malipiro awo apereka ndani, ndipo akhalapo zaka zingati, chifukwa wantchito ali ndi ufulu wake pa malamulo a ntchito, ndipo si bwino kuti munthu amene watumikira pa nyumba zaka khumi adzidzimuke tsiku losamuka kuti palibe mwa awiriwo amene amamuyesa wake.

Ndapeza nyumba ya Housing yotsika mtengo kwa munthu amene akukhalamo, kodi ndilowe?

Malawi Housing Corporation, imene idakhazikitsidwa mu 1964, ili ndi nyumba m'madera angapo a mzindawu, ndipo popeza lendi yake ndi yotsika poyerekeza ndi ya eni nyumba ena, ofuna ndi ambiri ndipo mndandanda wa odikira ndi wautali. Pachifukwa ichi ena amene adapatsidwa nyumbazi amazichititsanso lendi kwa anzawo mwamseri, pa mtengo wokwera, dzina la m'mabuku likadali lawo. Wolowa mwa njira imeneyi alibe pogwira: bungwelo silimudziwa, pangano lake ndi la munthu amene alibe mphamvu yochititsa lendi, ndipo tsiku loyendera nyumba likafika adzauzidwa kuti anene kuti ndi mphwake wa mwini dzina. Chimodzimodzinso nyumba za boma zopatsidwa kwa antchito ake. Kumbukirani kuti nyumba zambiri za ku Area 18 ndi kwina zidagulitsidwa kale kwa anthu, ndipo zimenezo mwini wake angathe kuchititsa lendi momasuka. Chofunika ndi kuona pepala.

Kodi landilodi angathe kunditulutsa tsiku lililonse, kapena kuzula chitseko ndikachedwa kulipira?

Kuzula chitseko, kusasula malata, kutseka madzi ndi kuponya katundu panja ndi zinthu zimene zimachitika, makamaka kulokeshoni, koma si njira ya lamulo. Njira yake ndi notisi, ndiko kuti chidziwitso cholembedwa chopereka nthawi yosamukira, imene mwa mwambo ndi mwezi umodzi pa nyumba yolipira mwezi ndi mwezi, ndi miyezi itatu pa nyumba zambiri zazikulu, monga pangano linenera; ndipo wokhalamo akakana kutuluka, kapena akakhala ndi ngongole, mwini nyumba apite kukhoti, kumene kumachokera chilolezo chakuti a sherifu atulutse munthu kapena agwire katundu wake. Notisi imamanga mbali zonse ziwiri: nanunso simungasamuke usiku ndi lole, kusiya makiyi kwa mwana wa oyandikana nawo. Milandu yaing'ono yambiri imathera kwa mfumu ya m'deralo kapena kwa buloko lida, ndipo kumeneko munthu amene adabwera yekha kudzapepesa lisanafike tsiku lolipira, nati, "Bambo, malipiro achedwa mwezi uno, ndipirireni kufikira pa 10," amamvedwa mosiyana ndi amene adazimitsa foni. Ukayenda siya phazi, pakuti landilodi watsopano amakonda kufunsa kwa wakale.

Bwanji osangogula nyumba kapena puloti m'malo motaya ndalama pa lendi?

Kwa Mmalawi funsoli ndi la thumba lake. Kwa mlendo wa dziko lina ndi la lamulo. Malo ambiri a m'zigawo zojambulidwa za mzindawu ndi a lisi, kawirikawiri ya zaka 99, yochokera ku Unduna wa za Malo, ku Malawi Housing Corporation kapena ku khonsolo, kotero kuti wogula nyumba amagula zaka zotsala za lisiyo pamodzi ndi udindo wolipira lendi ya nthaka. Lamulo la malo la mu 2016 lidaika malire akuti munthu amene si nzika asapatsidwe lisi yopitirira zaka 50, ndipo kusintha kwa lamuloli mu 2022 kudakhwimitsanso nkhani yogulitsa malo kwa anthu akunja. Chotero mlendo wokhala m'dziko muno ndi chilolezo chogwirira ntchito cha zaka zowerengeka achite lendi, ndipo ngati mtima wake wakhazikika pa kugula, ayambe wakhala pansi ndi loya. Mmalawi nayenso asalipire puloti asanakafufuze ku kaundula wa malo kuti dzina lolembedwa ndi la ndani ndiponso ngati nyumbayo siidaikidwe chikole ku banki, makamaka m'malire a mzinda, chakunjira ya ku Likuni, ku Airwing ndi kwina kumene minda ya makolo ikusanduka mapuloti, kumene puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, aliyense ali ndi kalata yake yodindidwa.